Zovala zanga zinafika kwathu ine ndisanafike

Chinandichotsa kwathu ndi madeya. Chaka cha 1992 mvula inatithawa chimanga chisanabereke, ndipo pofika Okutobala ife a m'midzi ya ku Mkanda, ku Mchinji, tinali tikulimbirana madeya ndi nkhumba. Tsiku lina ndinapeza mwana wanga Tadala, wa zaka zinayi, atakhala kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu akutafuna chitsononkho. Sanalire ayi, anangondiyang'ana. Bambo ake anali atapita kalekale ku maesiteti a fodya ku Kasungu, osatumiza ngakhale moni. Pomwepo ndinati basi, ine Filesi sindingakhale pano n'kumaonerera mwana akuuma ndili ndi manja awiri.

Njira inabwera ndi a Ganizani, msuweni wa amayi anga, amene ankapalasa njinga kukagulitsa shuga ku Chipata. Anati ku Kapata, dera lina la m'tauni yomweyo, kuli mphunzitsi wina wopuma pantchito, a Sakala, amene akufuna mtsikana woti azithandiza akazi awo pakhomo. Koma anachenjeza kuti mkuluyo ndi wa malamulo, mkulu wa mpingo, ndipo safuna munthu wodutsira njira za m'tchire monga ankachitira anthu onse a kwathu. Ankafuna wa mapepala. Amayi anagulitsa mbuzi yathu yomaliza kuti ndipeze pasipoti. Tsiku lonyamuka Tadala anandigwira chitenje mpaka mng'ono wanga anachita kumumasula chala chimodzichimodzi. Mantha anga anali amodzi basi: mwana wa zaka zinayi sachedwa kuiwala nkhope ya mayi ake.

Pamalire a Mwami anandidindira mwezi umodzi m'pasipoti. Ndinaseka ndekha, amvekere mlendo ndi mame, ndiye mame akewo a boma awawerengera ndi masiku omwe.

Masiku ano ndimagulitsa tomato pa boma la Mchinji, ndipo ndimaona atsikana akukwera minibasi zopita kumalire, mapasipoti ali m'manja, nkhope zili gwa. Ena amandifunsa ngati kutsidyako mabwana ake ndi ankhanza. Ndimawauza kuti nkhanza si zoopsa kwenikweni, munthu umaziona n'kuthawa. Ine amene anandipweteka anandikonda, ndipo anandikonda zedi.

Titafika ku Kapata, anatitsegulira chitseko ndi amayi a Sakala, akazi a aphunzitsi aja, mayi wamfupi wovala mpango woyera. Sanayankhe moni wanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali mpaka a Ganizani anayamba kukanda m'mutu. Kenako anati, "Tatembenuka." Ndinatembenuka, ndikuganiza kuti akufuna aone ngati ndili ndi mphamvu zogwira ntchito. Ndinangomva dzanja lozizira likundisisita kumbuyo kwa khosi. Aphunzitsi anatsokomola n'kunena kuti alendo alowe, atopa.

Sabata isanathe ndinali nditamva kwa oyandikana nawo. Banjalo linali ndi mwana mmodzi yekha, Esnati, amene ankagwira ntchito yotayipa mu ofesi ina m'tauni, ndipo anamwalira chaka chapitacho. Anakamuika kwawo ku Tamanda. Chithunzi chake chinali pakhoma pabalaza. Ndinachiyang'anitsitsa ndikupukuta fumbi, koma ine sindinaone kufanana kwenikweni, kupatula mpata wa pakati pa mano ndi khosi lalitalilo.

Sanandigoneke kukhitchini monga ndinkayembekezera. Anandipatsa chipinda cha Esnati, bedi lake, bulangete lake. M'kabati munali madiresi ake atapachikidwa bwinobwino, akununkha mankhwala a njenjete. Loweruka lililonse amayi ankawatulutsa, kuwachapa, kuwasita, n'kuwabwezera, chonsecho palibe amene wavala. Ntchito ina yonse ankandisiyira, koma imeneyi ayi. Ndinkadya nawo patebulo, ine munthu wa madeya! Mwezi ukatha aphunzitsi ankandilipira osachedwetsa, ine n'kugula ufa, mchere ndi sopo, a Ganizani n'kumangirira panjinga. Pobwera ankandiuza kuti Tadala masaya abwerera, ndipo njinga ikangolira belu amathamanga kudzafunsa ngati ndakwera kumbuyo. Ndikamva zimenezo ndinkalowa m'bafa kukalira, kuti amayi asandione.

Masiku a papasipoti akatsala pang'ono kutha, aphunzitsi ankandiperekeza ku ofesi ya imigireshoni kukawonjezera. Maulendo awiri oyamba zinali zosavuta, ankangodinda. Ulendo wachitatu bambo wa pawindo anapukusa mutu. "Manje masiku a ulendo asila, sisi. Ngati mufuna kukhalabe, mupemphe pemiti." Anafotokoza kuti masiku anga okhala ngati mlendo atha, ndipo pafunika zithunzi, kalata ya amene akundisunga, ndi mafomu. Pasipoti itsala mu ofesimo, yankho lichokera ku Lusaka, ndipo ndikangotuluka m'dziko yankho lisanabwere ndiye kuti pempho lafa. Ndinafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Anati posachedwa. Ha, mawu amenewo! Ndikanadziwa ndikanangotenga pasipoti yanga n'kubwerera kumadeya.

M'mawa wa tsiku lokapereka mafomu, ndinavala chitenje changa chabwino ndi bulauzi yanga ya kutchalitchi. Amayi anandiimitsa pakhomo. "Ku ofesi ya boma sapita chonchi, adzakuyesa wothawa njala." Ndinafuna kuyankha kuti nanga sindine, koma ndinadzigwira pakamwa. Anatulutsa diresi labuluu la Esnati ndi nsapato zake zakuda. Sindinafune kuvala, koma ukakhala pakhomo pa eni sukana zonse. Diresilo linandikwana ngati telala anachita kundiyeza. Anandikhazika pansi n'kundiluka tsitsi mizere yopita kumbuyo, monga zinalili pachithunzi chija, akung'ung'udza nyimbo ya m'buku. Aphunzitsi atandiona anavula magalasi n'kutuluka panja.

Ine ndi aphunzitsi tinadzera kaye kwa wojambula zithunzi. Nditangolowa mnyamatayo anamwetulira n'kunena kuti, "Aa, a Esnati, mwasowa," kenako pakamwa panangotsala pululu. Anandijambula mwachangu. Pamsika wa Kapata mayi wina amene ndinkagulako kapenta tsiku ndi tsiku anatiyang'ana n'kulowa kuseri kwa matumba a makala. Masana dzuwa lili pamutu, anthu akundipatukira njira. Ku ofesi tinapeza mzere wautali, amalonda, akazi okwatiwa kutsidya lino, azibusa, ndipo tinatha tsiku lonse pabenchi.

Tsiku lomwelo ndi limene a Ganizani anabwera kunyumba.

Titabwerera madzulo ndinapeza pansi pa bedi palibe kanthu. Zitenje zanga, bulauzi ija, nsapato zanga za pulasitiki, chipeso, kabuku kanga ka nyimbo, zonse zapita. Ndinathamangira kukhitchini. Amayi anali akusenda mbatata, mtima uli m'malo. "Anabwera mbale wako wa njinga uja. Ndamupatsa nsanza zija apite nazo. Zovala zako zili m'kabati." Mtima unandipweteka kuti ndaphonya nkhani za Tadala, ndipo ufa wa mwezi umenewo sunapite. Ndinafunsa ngati anawauza kuti ndili ku ofesi. Anandiyang'ana mokoma n'kunena kuti, "Ndamuuza zonse." Ndinadzitonthoza kuti mng'ono wanga avala zitenjezo, si zotaya.

A Ganizani sanabwerenso. Mwezi unatha, wina unatha. Ndinakawafunafuna kumene ankaima ogulitsa shuga, anzawo anati anasintha njira, masiku ano akugulitsa cha ku Katete. Ndalama zanga ndinayamba kusunga m'chitini, kusowa womutuma. Aphunzitsi anandilembera kalata yopita kwa amayi anga kudzera kusukulu ya kufupi ndi kwathu, koma yankho silinabwere. Ku ofesi nako chimodzimodzi. Ndikafika pawindo, bambo uja asanandipatse n'komwe moni ankati, "Sinabwere, sisi, mukayesenso." Anthu ankandiuza kuti ndingodutsa m'tchire, kwathu si kutali. Koma pasipoti ija inali mbuzi yomaliza ya amayi anga, ndipo ndinkaopa kuti ndikathawa ndidzaika aphunzitsi m'mavuto, poti ndi iwo anandisainira. Ndiye ndinkangoti mwezi wamawa, mwezi wamawa.

Dzina linayamba ngati kuphonya kwa lilime. "Esi, tabweretsa mchere." Ndinkawakonza mwaulemu kuti, "Ndine Filesi, amayi." Iwo ankati, "Ndikudziwa, Esi." Alendo akabwera ankawauza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, alendowo n'kumavomera akuyang'ana pansi. Kutchalitchi anandilowetsa kwaya, ndipo atsikana anasuntha okha kundisiyira malo pamzere wachiwiri, osandiuza chifukwa. Ana a m'makomo oyandikana anayamba kundiitana anti Esnati. Poyamba ndinkakwiya, ndinkawathamangitsa ndi tsache. Kenako ndinatopa. Munthu sungakangane ndi Kapata yense tsiku lililonse. Kusungulumwa kwake kunali kwachilendo: anthu ondikonda ali ponseponse, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ankalankhula ndi ine.

M'chilimwe amayi anati tipite ku Tamanda tikasese pamanda. Tinakwera lole ya fodya, n'kutsika, n'kuyenda pansi kudutsa chipatala cha mishoni. Kumandako kunali zii, ngakhale mbalame. Ndinazula udzu mozungulira chiliza cha simenti, ndikuwerenga dzina limene ndinali nditayankhako m'mawa womwewo. Amayi anakhala pansi, miyendo atatambasula, n'kuyamba kucheza ndi chilizacho ngati akucheza ndi munthu pakhonde. Anachiuza mitengo ya zinthu kumsika, ndi amene wakwatiwa. Kenako anati, "Taona, zovala zako zikumukwana bwino." Ndiye ndi mawu omwewo, osatembenuka n'komwe, anati, "Esi, dzuka, tizipita kunyumba." Sindinadziwe kuti akuuza ndani mwa awirife. Koma ndinadzuka ndine.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuchita mantha ndi ine mwini. Ndikuchapa mbale ndinkayesa kukumbukira mawu a Tadala, mmene ankatchulira dzina la mng'ono wanga molakwitsa, koma sankabwera. Nkhope ndinkaiona, mawu ayi. Ndinaganiza kuti ngati ine wamkulu ndayamba kutaya mawu ake, nanga iye watsala ndi chiyani cha ine?

Mvula inagwa, inasiya, chimanga chinauma m'minda. Lachitatu lina tili pabenchi paja, bambo wa pawindo anatulukira ndi mapasipoti m'manja n'kuyamba kuitana mayina. "Filesi Banda!" Ine phee, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti mayi ameneyu bwanji sakuyankha, akuchedwetsa anzake. Anaitananso. Aphunzitsi anandigwira pamkono n'kunong'ona kuti, "Ndiwe." Anthu anaseka, bambo uja n'kunena kuti sisi wadikira mpaka waiwala dzina. Inenso ndinaseka nawo. Anandipatsa pasipoti, mkati muli pemiti ya miyezi isanu ndi umodzi.

Panja, pansi pa mtengo wa mango, aphunzitsi anaima. Anali munthu wosalankhulalankhula, nthawi yonseyo sanandiitanepo dzina lililonse, ankangoti mwana iwe. Anati, "Mwana wanga ndinamuika ndi manja angawa. Ndikudziwa kumene ali. Ndinkaona mkazi wanga akudya, akugona, ndiye ndinangotseka pakamwa. Mawa ndi Lachinayi, apita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Unyamuke asanabwere. Akakulirira sudzachoka." Ndinafunsa kuti nanga pemiti imene tavutikirayi? Anati, "Pemiti ndi ya Filesi. Pita nayo Filesiyo akadalipo."

Ndinachoka osatsanzika, ndipo mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mayi uja sanandimenyepo kapena kundimana kanthu. Ndinavala diresi labuluu lija, nanga ndikanavala chiyani? Pamsika ndinagula ufa, kadiresi ka Tadala kongoyerekeza msinkhu, ndi mabanzi odzaza pepala, poti mwanayo ankawakonda koopsa. Pa Mwami wodinda anadabwa kuti pemiti yatuluka dzulo, ine ndikutuluka lero.

Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Pachitsime panali amayi anayi kapena asanu, onse owadziwa. Ndinakweza dzanja ndikumwetulira. Mmodzi anakuwa, "Mayo ine!" Ndowa zinagubuduzika, anthu anabalalika, wina mpaka anasiya mwana pansi n'kubwerera kudzamutola. Ndinaima ndi katundu wanga pamutu, ndikudzifunsa ngati Esnati ankadziwikanso kuno. Ndinayenda ndekha mpaka pabwalo pathu, zitseko zikutsekeka kutsogolo kwanga.

Amayi anatuluka m'nyumba, atakalamba kuposa mmene ndinawasiyira. Sanandithamangire. Anawerama, anatapa dothi, n'kundiwaza nalo kumaso. "Ngati uli mzimu bwerera kumene wachokera, mwana tikumusamala!" Anatapanso, n'kuwazanso. Dothi linandilowa m'mphuno, ndinayetsemula, n'kukalipa kuti, "Amayi, mwapenga kodi? Mundithira dothi mu ufa!" Atamva kukalipako ndi pamene anagwa pansi. Akuti mzimu sukalipa chonchija, ameneyu ndi Filesi ndithu.

Nkhani yake ndinaimva nditakhala pamphasa panja, poti amalume anati sindingalowe m'nyumba zinthu zisanakonzedwe. Tsiku lija a Ganizani anapeza amayi a Sakala okha. Atafunsa kuti mtsikana wanu ali kuti, mayiyo anayamba kulira, akuti, "Mwana wanga tinamuika ku Tamanda." Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mtolo wa zinthu zanga, nsapato zili pamwamba, n'kunena kuti, "Tengani, sazifunanso." Kwathu zovala za munthu sizibwera zokha mwini wake ali moyo. A Ganizani sanafunsenso china, anapalasa njinga akulira njira yonse. Ndipo zaka zimenezo atsikana opita m'tauni ankangofa, anthu ankachita manyazi kufunsa kuti wadwala chiyani. Ndalama yoti wina akaone manda panalibe. Anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'chitenje changa, n'kuliika m'manda mwaulemu wonse. Anameta. Kalata ya aphunzitsi ija inafika maliro atatha, ndipo anaiwerenga ngati mawu anga omaliza amene anachedwa panjira.

Kodi mayi uja ankadziwa chimene akuchita? Ndakhala ndikulifunsa funso limeneli zaka zonsezi. Tsiku lina ndimati chinali chisoni chabe, anafunsidwa za mtsikana wake ndipo anayankha za mtsikana wake. Tsiku lina ndimakumbukira mmene anandiyang'anira akusenda mbatata zija.

M'mawa mwake amuna anapita kukafukula thunthu lija, a Ganizani anabwera kudzagwada, ndipo anthu anayamba kubwera kudzandigwira dzanja, ena akutsina pang'ono. Anakondwa, sindinganame. Koma ndinaona chinthu chimene sindinkachidziwa za kwathu. Anali atalira, n'kumaliza. Dimba langa ankalima mlamu, nsapato zanga zinali kumapazi a mng'ono wanga, pamalo pamene ndinkagona panali matumba a mtedza. Palibe amene analakwa. Mudzi unangotseka pamene ndinali, monga madzi amatsekera ukachotsa ndowa m'chitsime, ndipo tsopano aliyense ankayenera kusuntha kuti ndikwanenso.

Zonsezo ndikanazipirira. Koma Tadala anali asanabwere pafupi. Usiku anakagona kwa azakhali ake, ndipo m'mawawo anaima pakhomo la khitchini, wamtali, tsitsi lomwe anamumeta litamera kale, akundiyang'ana kumapazi. Sanandiiwale ayi, ndinaona m'maso mwake kuti akundidziwa bwinobwino. Ndinagwada, ndinatulutsa banzi m'pepala, n'kutambasula dzanja. "Tada, bwera, ndakugulira." Anabisa manja kumbuyo. Ndinasendera pafupi, iye anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda khoma. Ndiye anati, mwaulemu ngati akuyankha mlendo, "Agogo anati mukabwera ndi chakudya ndisalandire. Akuti mukhala mwabwera kudzanditenga."

Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Anati maliro atatha mwanayo ankandilota kawirikawiri, ndikubwera panjinga nditanyamula mabanzi. Ndipo kwathu aliyense amadziwa kuti wakufa akakupatsa chakudya kumaloto n'kudya, umamutsatira. Ndiye ankamuuza m'mawa uliwonse, kumubwereza mpaka alumbire, kuti amupulumutse kwa ine. Anatenga banzi lija m'dzanja langa, analuma, anatafuna mwanayo akuona, n'kumupatsa. Kwa agogo ake analandira. Anadya ataima patali, maso ali pa ine.

Pano Tadala ndi mayi wa ana atatu. Amanditcha amayi, ndikadwala amandigulira mankhwala, ndipo tikakhala timaseka nkhani ya dothi mu ufa. Koma ndikamupakulira chakudya n'kumupatsira mbale, manja ake sabwera. Ndinamufunsapo kamodzi, anadabwa, akuti sadziwa kuti amatero. Ndiye ndinasiya kufunsa. Ndimangoika mbaleyo pansi, n'kuchotsa dzanja langa, iye n'kutenga.